Mipando Imene Sindinasoke Ine

Anthu a kwathu ku Nabvutika, ku Chipata, ndinawauza kuti ndikupita ku Lusaka kukagula nsalu ndi siponji. Linali bodza. Ndinkapita kukaona mkazi wina amene dzina lake sindinkalidziwa, nkhope yake sindinkaidziwa, koma msoko wake unali utandisowetsa mtendere milungu iwiri yathunthu.

Ntchito yanga ndi yosoka makava a mipando ya galimoto. Ndinayamba ndi madiresi ngati telala wina aliyense, koma amuna anga, a Sakala, atagula minibasi yonyamula anthu pakati pa Chipata ndi Lusaka, mipando yake inali yong'ambika, siponji ili pamtunda. Ndinaisoka ndekha pakhonde ndi nsalu yabuluu. Madalaivala anzawo ataona anayamba kubweretsa yawo, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri pakhonde langa sipankasowa mpando wogonekedwa chagada. Minibasi ya a Sakala ndiyo inali chikwangwani changa. Mipando yakutsogolo inakhalabe ndi makava oyamba aja. Yakumbuyo, imene imatha msanga ndi matumba a okwera, ndinaisokanso chaka chathachi.

Ndiye Lachinayi lina minibasi inaima pageti mipando yonse ili yofiira.

Ndinaizungulira kawiri. Msoko wake unali wa mizere iwiri, yoyenda limodzi osakumana, osatalikirana. Pamakona panalibe khwinya ngakhale limodzi. Ndinapisa dzanja m'thumba la kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, ndipo m'katimo ndinapeza mwaikidwa chitenje chamaluwa achikasu. Mwamuna wosoka mipando sadzivutitsa kukongoletsa m'kati mwa thumba momwe palibe amene adzasuzumiremo.

"Atate ake a Dalitso, wasoka izi ndani?"

"Telala wina ku Lusaka."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Telala," anatero, n'kupempha madzi osamba.

Kuti mumvetse pamene panandiwawa kwenikweni, muyenera kudziwa mmene timagwirira ntchito. Wosoka mipando sayeza ndi tepi ngati wosoka malaya. Amavula kava yakale, n'kumasula misoko yake yonse ndi lezala, n'kuyala zidutswazo pansalu yatsopano, n'kulemberera ndi choko. Kava yakale ndiyo patani. Ikatha ntchito imeneyo amaipukutira makina kapena kuitaya kudzala. Choncho m'mutu mwanga ndinkaona mkazi wa ku Lusaka atakhala pabenchi, akudula misoko yanga umodziumodzi, akubera maonekedwe a ntchito yanga, a Sakala ali pambali kumuseketsa. Sindinkadziwa chimene chinkandiwawa kwambiri, kuti mwina wanditengera mwamuna kapena kuti amasoka bwino kuposa ine. Nsanje zonse ziwiri zinkadyera m'mbale imodzi.

Ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha milungu iwiri, ndipo Lolemba lotsatira ndinalengeza kuti ndikwera nawo. M'chikwama ndinaikamo chitenje chosinthira, buledi ndi lezala watsopano.

Pasiteshoni tinafika zero faifi, 5 koloko m'mamawa. A Sakala anauza okwera kuti tinyamuka zero sikisi, ndipo aliyense wodziwa minibasi anamva kuti ndiye kuti zero eyiti. Ine ndinakhala kutsogolo, pampando wanga, ngakhale kuti tsopano unali utavala zovala za mkazi wina. Unali wofewa kuposa kale. Zimenezonso ndinazisunga mumtima.

Kumbuyo kwanga kunakhala abambo ena okalamba a ku Chiparamba, a Tembo, mphunzitsi wopuma amene ankapita kukalondola za penshoni yawo, mapepala ali m'fayilo pamiyendo, magalasi owerengera akulendewera pachingwe m'khosi. Pambali pawo panadzakhala amayi Zulu, ogulitsa nsawa, amene anakangana ndi a Sakala mphindi makumi awiri pa mtengo wa matumba awo anayi, n'kumaliza ndi kulipira atatu. Atangokhala pansi anayamba kusisita mpando.

"A dalaiva, apa ndiye mwachita zanzeru! Amene anasoka izi ali ndi manja, shuwa. Osati zija zakale. Msoko wake unkayenda ngati munthu wochokera ku kachasu."

A Sakala anatsokomola, n'kukweza wailesi. Ine ndinangoyang'ana kutsogolo, makutu akutentha. Ndinati mumtima, mayi uyu ndi mnzake wa mkazi uja, amutuma.

Tinanyamuka zero eyiti yatadutsa. Mpaka ku Katete chala changa chinali kalikiliki kuyenda mumsoko wa m'mphepete mwa mpando, kufunafuna pamene makina anadumpha. Telala aliyense amalakwitsa penapake, makamaka pokhota. Ndinafufuza kuchokera pamutu mpaka pamaondo. Palibe. Pa rodibuloko ya pa Katete wapolisi anaona mapepala, anasuzumira m'kati, n'kunena kuti, "Motoka yawama iyi, bwana." Ngakhale boma linali kumbali ya mkazi uja.

Pa Sinda tinataya theka la ola kudikira wokwera wina amene anaimba foni kuti ali pafupi, pamene anali asanatuluke n'komwe m'mudzi. Amayi Zulu anagwiritsa ntchito nthawiyo kutiuza mitengo ya nsawa kuyambira ku Lundazi mpaka kumsika wa Soweto ku Lusaka, ndi mbiri ya amuna awo amene anathawira ku Kitwe ndi mkazi wa m'saluni.

"Amuna ukawaona ayamba kukonza zinthu zimene sunawauze, udziwe kuti kuli wina amene akuwauza," anatero.

A Tembo anati si onse. Ine kwa nthawi yoyamba ndinagwirizana ndi amayi Zulu, ngakhale kuti ndinali nditawada kale.

Titadutsa mphambano ya Petauke foni ya a Sakala inalira pamwamba pa dashibodi. Sindinathe kuwerenga dzina, zilembo za mafoni a masiku ano ndi zazing'ono mopanda ulemu. Iwo anaiyang'ana, n'kuisiya ikulira.

"Yankhani," ndinatero.

"Ndikuyendetsa."

"Tsiku lonse mumayankha mukuyendetsa. Lero ndiye mwakumbuka lamulo?"

Anaisiya foniyo mpaka inaleka yokha. Pa Nyimba anatsika n'kundigulira phava lalikulu la nthochi, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane, ndipo m'malo moti ndikondwere ndinaliwerengera pa milandu yawo. Munthu wosalakwa sagula nthochi zochuluka chonchi.

Tinali titakwera mapiri a ku Kacholola, dzuwa lili paliwombo, pamene ndinamva kutentha pansi panga. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi mtima womwewo. Kenaka nthunzi inatulukira m'mbali mwa mpando, a Sakala anapatutsa galimoto msangamsanga, n'kukuwa kuti aliyense atsike.

Minibasi zamtunduwu injini yake imakhala pansi pa mpando wakutsogolo. Kuti uione umakweza mpando wonse, n'kuukoleka m'mwamba. A Sakala anatero, anadikira nthunzi ithe, ndipo anapeza paipi yamadzi itang'ambika kutalika ngati chala. Anayesa kuimanga ndi mphira, anathiramo madzi athu onse akumwa, koma atangoliza injini madziwo anathera pansi. Panalibe kuchitira mwina. Anaimitsa lole yopita ku Nyimba kuti akafune paipi ina.

"Amake Dalitso, muyang'anire katundu wa anthu. Sindichedwa."

Amayi Zulu anatembenuka. "Aa, ndinu madamu awo? Nanga osanena?"

"Simunafunse," ndinatero.

Pamalopo panalibe nyumba, panalibe golosale, foni inkagwira ukakwera pachulu. Okwera anamwazikana kufuna mithunzi. Ola loyamba linatha ndi kutukwana minibasi, lachiwiri ndi kudya nthochi zanga, zimene ndinagawa ndi mtima wonse chifukwa sindinkafuna kulawa ngakhale imodzi. Malole ankadutsa pang'onopang'ono akubuula pachitunda, ndipo aliyense tinkamuyang'ana ngati ndiye wabweretsa a Sakala. A Tembo anayala nyuzipepala pamwala n'kuyamba kuwerenganso mapepala awo a penshoni, ngati kuti mwina asintha chichokere ku Chipata.

Ine maso anga anali pa mpando uja, uli m'mwamba, kunsi kwake kuli poyera. Milungu iwiri ndinkalakalaka kuona kunsi kumeneko, chifukwa ulesi wa telala umabisala pamene kasitomala sayang'ana. Ndinatulutsa lezala. Kunsiko kunali kotsekedwa ndi nsalu yakuda, yosokedwa pamanja. Ndinadula misoko isanu ndi umodzi, ndinapisa zala, n'kukoka.

Munatuluka buluu.

Ndinadulanso, n'kufutukula kava yofiirayo mpaka pakati. Kava yanga inali momwemo, yonse, yosadulidwa paliponse, ngakhale kachigamba kamene ndinaika pamene Dalitso anabowola ndi waya ali wamng'ono. Kufewa kuja kunali kwa makava awiri. Ndinalowa m'galimoto, ndinagwada pansi pa benchi yakumbuyo, n'kudulanso. Namonso munali buluu.

Ndinakhala pansi m'kanjira ka pakati pa mipando, mutu utaima. Mkazi uja sanadule ntchito yanga. Ndiye anapeza bwanji patani? Nanga telala wanzeru zake angavekerenji kava pamwamba pa inzake, ntchito yowirikiza kawiri?

"Mayi, mukuwononga mipando ya amuna anu?" Anali a Tembo, ataima pakhomo la minibasi.

"Ndikuona ntchito yanga, aphunzitsi. Yabuluuyi ndinasoka ndine."

Amayi Zulu, amene anali atabwera kudzaona chimene chikuchitika, anagwira pakamwa. "Mayo ine! Sole, amake mwana. Pakamwa panga pamathamanga."

"Munanena kuti msoko wanga ndi wa woledzera. Ndionetseni. Uli apa, ndi wowongoka."

Onse awiri anayang'ana benchiyo, kenaka anayang'anana. A Tembo anavula chingwe m'khosi, anapukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa shati, n'kundipatsa.

"Tayesani awa," anatero mwaulemu, ngati akupatsa mwana wasukulu choko.

Ndinkafuna kukana. Ine sindinavalepo magalasi, ndipo amayi anga anafa ali ndi zaka zambiri akutungira okha singano. Koma ndinavala. Chinthu choyamba chimene ndinaona chinali dzanja langa lomwe, mizere yake yonse, ndi kabala ka lezala pachala kamene sindinadziwe kuti ndadzicheka. Kenaka ndinayang'ana benchi.

Amayi Zulu sananame. Msoko unkayamba bwino, n'kutsetsereka, n'kubwerera, pena n'kudumpha mpata woti chala chilowe. Pakona imodzi ndinasoka nsalu itapindika, khwinya lalikulu ngati la pamphumi pa nkhalamba. Ndinapita kutsogolo kukaona kava ya zaka zisanu ndi ziwiri ija. Msoko wake unali wowongoka ngati wolemba ndi rula. Ndinabwerera kumbuyo, ndinapitanso kutsogolo. Manja anali omwewo, makina omwewo.

Pamenepo zinthu zambiri zinabwera pamodzi. Chaka chonse ndinkadandaula kuti singano za masiku ano zili ndi timabowo tating'ono. Ndinkati mababu akugulitsidwa tsopano sawala. Madalaivala amene anasiya kubwera pakhonde langa ndinkati awanyengerera atelala a ku Kapata ndi mitengo yotsika, ndipo mmodzi ndinasiya kumupatsa moni kutchalitchi. Ndinabweza magalasi a eni ake, ndinapita kuseri kwa minibasi, ndipo ndinalira monga sindinalirepo chimwalirire amayi anga.

A Sakala anabwera fifitini, 3 koloko masana, itadutsa, pa njinga yamoto, paipi ili m'manja ndi zigubu ziwiri zamadzi. Anaona makava ofutukulidwa, anaona nkhope yanga. Anamanga paipi, anathira madzi, anatsitsa mpando. Okwera akulowa ndinawakokera pambali.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanati chiyani, amake Dalitso? Kuti maso anu atha? Ndinakuuzani mwezi wa Epulo kuti tipite mukapimitse, munandiyankha kuti ndipimitse anga."

Zinali zoona, ndinawayankhadi choncho.

"Anthu pasiteshoni anali kuseka. Amati Sakala mkazi wake ndi telala koma mipando ili ngati yasokedwa mumdima. Ine kuseka ine ndilibe nazo kanthu. Koma amatchula inu."

"Ndiye munapita kwa mkazi wina."

"Ndinapita kwa telala."

"Amene amakuimbirani foni."

"Anali wogulitsa matayala. Onani." Anandipatsa foni, kenaka anakumbuka kuti sinditha kuona zilembo zake, ndipo tonse awiri tinasowa poyang'ana.

Pa Luangwa tinaima pang'ono, amayi Zulu anagula nsomba zouma n'kundipatsako ziwiri zopepesera, zimene zinanunkhitsa galimoto mpaka ku Rufunsa. Za Chongwe sindikumbukako kanthu. Tinalowa mu Lusaka dzuwa litalowa kale, tinagona kwa mlamu wanga, ndipo m'mawa ndinauza a Sakala kuti sindibwerera ku Chipata ndisanamuone telala wawoyo. Maso anga akhoza kukhala atatha, koma nkhani inali isanathe.

Anali ku Kalingalinga, m'shedi ya malata m'mbali mwa msewu. Ndinkayembekezera kamtsikana kopenta milomo. Ndinapeza mayi wa msinkhu wanga, wonenepa kundiposa, tepi ili m'khosi, magalasi ali pamphuno, amuna ake akumata siponji kuseri. Makina ake anali aakulu, a magetsi, a singano ziwiri. Ndinawayang'ana makinawo monga mmene ndinkaganizira kuti ndidzamuyang'ana iyeyo.

"Ba Sakala! Mwabwela na bamadamu?" anakuwa, n'kundigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Imwe, bamuna banu banivutisa! Nati nichoseko makava yakudala nitengeko patani, bakana. Ati aya anasoka ni mkazi wanga, simuzayikapo lezala. Ninachita kupima na manyuzipepa, mpando umozi-umozi, masiku yatatu, beve baimilila pamenepo monga kapokola wa pa rodibuloko."

A Sakala ankayang'ana denga ngati muli china cholembedwa.

"Manje niuzeni," anapitiriza mayiyo, "ya kusogolo na ya kumbuyo anasoka ni muntu umozi? Ine nenze kuganiza ati ni bantu babili. Uja wa kusogolo ni telala zoona. Makona yake ninayesa kukopela, yananikanga."

"Ndi munthu mmodzi," ndinatero. "Wa kutsogoloyo ndiye ndikufuna kumubweza."

Anandiyang'ana, anagogoda magalasi ake ndi chala, n'kundiuza kumene iye anapimitsa. Anali munthu wabwino, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinayenda ulendo wonsewo ndi mawu okonzeka ndipo panalibe pomuthira ngakhale limodzi. Nsanje ya mwamuna inathera m'shedi momwemo. Ya msoko ndinabwerera nayo ku Chipata, pamodzi ndi magalasi a mafelemu abulauni ndi mamita anayi a nsalu yofiira, kuti bodza langa la ku Nabvutika lisakhale bodza lenileni.

Loweruka lotsatira minibasi sinapite pamsewu. Ndinavula kava yofiira ya mpando wakutsogolo, ndinakhala pakhonde, ndipo ndinamasula misoko yake yonse ndi lezala, umodziumodzi, mosathamanga. Sindibisa, ndinamva kukoma. Ndinayala zidutswa zake pansalu yanga, ndinalemberera ndi choko, ndipo pakuti makina anga ndi a singano imodzi, mzere uliwonse ndinaudutsa kawiri, mpweya nditaugwira. M'thumba ndinaikamo chitenje changa. Zotsala za mayi uja ndimapukutira makina mpaka lero.

Patatha mwezi ndinapita kusiteshoni kukapereka chakudya kwa a Sakala, ndipo ndinapeza amayi Zulu atakhala kutsogolo, pampando womwewo, akudikira kuti galimoto idzaze. Anandilonjera ngati m'bale wawo, anayamikira magalasi anga, kenaka anasisita msoko wa pakona.

"Musakwiye, amake Dalitso, inu ndi telala, koma tinene zoona. Mayi wa ku Lusaka uja ali ndi manja. Onani apa pokha. Mpando uwu ndiye waposa yonse."

A Sakala anatsegula pakamwa kuti alankhule, ine ndinawaponda phazi. Ntchito yabwino koposa imene ndinasokapo m'moyo wanga inali itapita m'dzina la mkazi wina, pamaso panga, ndipo ndinalibe mawu okoma kuposa amenewo oti ndiwamve.

"Ali nawo," ndinatero. Ndinabwerera kunyumba wapansi, ndikuseka ndekha, nsanje ikundidyabe.